Lole ya Mkono Imene Tinagula kwa Mbuya

Amuna anga ndi odula mitengo. Anthu akamva zimenezi amathamangira kuganiza za makala, ndipo ine zimandinyansa. Ntchito yawo ndi ya kumayadi, kumene jakaranda wapendekera denga la bwana, kapena bulugamu watalika mpaka kukanda mawaya a malaiti, kapena kotapela wakalamba ndipo akuopseza mpanda wa neba. Mtengo wotere saugwetsa kuchokera pansi, chifukwa ungaphwanye nyumba. Munthu amakwera ndi chingwe m'chiuno, makina odulira ali lende pambali, n'kumautsitsa chidutswachidutswa kuyambira kunsonga. Ndi ntchito imeneyi tinalera ana athu ku Matero, ine ndikuthandizira pogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika.

Chaka china anagwa. Nthambi ya bulugamu inkaoneka yamoyo kunja koma m'kati inali itafumbwa, ndipo inawataya pa mpanda wa njerwa ku Kaunda Square. Kuchipatala anawaika chitsulo m'chiuno. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa kuti munthu ameneyu akadzagwanso, sipadzakhalanso chifukwa chothamangira naye kuchipatala. Anachira ndithu, koma mwendo wamanzere unatsala wamwano. Akaupondera nthawi yaitali umayamba kunjenjemera wokha, osamvera mwini wake. Ndinawauza kuti za mitengo zatha.

"Manje nizasebenza chani, bamake bana?" anandifunsa. "Nikagulise tomato pa msika?"

Ine sindine mkazi wolirira m'chitenje. Ndinali nditaonapo malole a anthu okonza malaiti a mumsewu, aja okhala ndi mkono wachitsulo kumbuyo, kumapeto kwa mkonowo kuli baketi yoti munthu aimemo. Mkono umakunyamula mpaka kunsonga kwa mtengo, iwe uli chiimire ngati uli pakhonde. Ndinati imeneyo ndiyo ndikufuna. Ndinagulitsa kapuloti kanga ka ku Linda, kamene ndinagula ndi chilimba, ndalama zimene tinkasonkherana ndi anzanga kwa zaka zambiri, ndipo abale anga anati ndapenga, munthu wanzeru sagulitsa dothi kuti agule chitsulo. Ndinawayankha kuti dothi lomwelo ndi limene likufuna kundidyera mwamuna. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: bambo wa ana anga asadzakwerenso mtengo ndi miyendo yake.

Tinamva kuti ku Chaisa, pagalaji ina, pali lole yotero yogwirapo kale ntchito. Tinapita Loweruka m'mawa. Wogulitsa anali chimunthu chonenepa cha ku Copperbelt, kathaulo paphewa, makiyi akuwazunguza pachala. Titangomupatsa moni, anamva kuti lilime lathu ndi la kummawa, ndipo anaomba m'manja.

"Aa, ba kumawa aba! Mbeba mwasiya na ndani ku munda?"

Nkhope ya amuna anga inawala. "Nanga imwe, bakolwe mwasiliza kudya bonse kwanu kuti mubwele kuno?"

Ife akummawa ndi Abemba tili pachimbuya. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Timanyozana mmene tingathere, pamaliro timathirana ufa kumutu ndi kulandana zinthu mpaka mwini wake aziwombole, ndipo amene wakwiya ndiye wopusa. Mbuya akakutukwana umaseka. Ndinakula nazo zimenezi ndipo ndinkazikonda, mpaka tsiku limenelo ku Chaisa.

Lole inali yakale koma yosamalidwa. Injini inalira bwino, yopanda utsi. Amuna anga anatsitsa miyendo yachitsulo ya m'mbali imene imagwira lole kuti isapendeke, anayang'ana mapaipi a mafuta ngati akudontha, kenako analowa m'baketi. Mkono unawanyamula pang'onopang'ono mpaka anaposa madenga onse a Chaisa. Ali kumwambako anaseka mokweza, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chigwereni. Misozi inandilengeza, ndipo wogulitsayo anaiona.

Komabe maso anga sagona. Pachitseko cha lole panali penti yoyera yatsopano, ndipo pansi pake zilembo zinkaonekera mwa apo ndi apo.

"Apa panali zina ya ndani?" ndinafunsa.

"Imwe ba mayo, mufuna kugula motoka olo chitseko? Ba kumawa, mukapasidwa mbeba mumafunsa na zina yake?"

Anthu a pagalaji anaseka. Ndinafunsanso, chifukwa dzina la pamapepala silinali lake. Zimenezo zokha sizodabwitsa, m'Lusaka muno mamotoka ambiri amayenda ndi dzina la mwini wake woyamba. Koma ndinkafuna kumva kuti anaipeza bwanji.

"Ninaiba pa malilo," anatero, akupukuta khosi ndi kathaulo kaja. "Si ndiye nchito yathu ise ba mbuya? Itanani ba police!"

Amuna anga anaseka mpaka kugwira chiuno chawo chachitsulocho. Ine nditatsegula pakamwa kachitatu, ananditsina pamkono. "Iwe, mbuya sibamukwiyila. Uzatichitisa nsoni." Ndinatseka pakamwa. Chifukwa ndalama zinali zanga, ndine ndinasaina pepala logulira, ndipo tinabwerera ku Matero ine ndili kutsogolo kwa lole ngati mkazi wa nduna.

Masabata otsatirawo anali okoma, sindinama. Ntchito imene kale inkatenga tsiku lonse inkatha dzuwa lisanafike pamutu. Madamu wina akaona lole pageti la mnzake ankatuma wantchito kudzafunsa nambala. Amuna anga ankabwera kunyumba akuyenda bwino, opanda zilonda m'manja, ndipo ankadya ngati mnyamata. Aneba ankadutsa pakhomo n'kumati, "Mwalemela ka, ba neba," mano ali panja koma mtima uli kwina. Ine sindinasamale, ndinkagona tulo.

Tsiku lina m'mawa ndinatuluka ndi tsache n'kupeza mayi atakhala pamwala pafupi ndi tayala la lole. Anavala zakuda kuyambira duku mpaka nsapato. Anali wowonda, wocheperapo kwa ine, ndipo dzanja lake linali pachitseko chija, pamene panali penti yatsopano.

"Tikuthandizeni?" ndinatero.

"Iyi motoka ni ya bamuna banga."

"Bamuna banu bali kuti?"

"Ku manda."

Analankhula mosakweza mawu, ndipo lilime lake linali la kwathu kummawa, zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Anati amakhala ku Kanyama. Amuna ake nawonso anali odula mitengo. Atamwalira, phulusa la moto wa pamaliro lisanaoledwe n'komwe, banja lisanakhale pansi kugawa katundu, mlamu wake anatenga makiyi n'kunena kuti akukaisunga lole pamalo abwino kuopa akuba. Mlamuyo ndi uja wa kathaulo. Mayiyo anayendayenda m'magalaji kufunsa mpaka wina anamulozera ku Matero.

"Pepani na malilo," ndinati, "koma ine ninagula. Yendani kuli ba mulamu banu."

"Banathaba. Foni sibayankha."

"Manje ine nichite chani? Ndine ninakwatiwa ku banja yanu?"

"Ine sinizachoka," anatero, n'kukonza duku lake.

Sanachokedi. Tsiku limenelo anakhala mpaka madzulo, ndipo m'mawa mwake ndinamupezanso. Akanakhala wotukwana ndikanamutha, chifukwa pakamwa panga pamadziwika Matero yense. Koma iye ankangokhala. Munthu wovala zakuda akakhala pakhomo pako, komboni yonse imafuna kudziwa chimene wamuchita. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene wadya mchere wanga kuyambira kalekale, anamutulutsira kampando. Wina anamubweretsera madzi, wina chimanga chootcha. Ndikadutsa pampopi nkhani inkaduka, ndikapitirira n'kumva kumbuyo, "Ni baja bolyela bamukamfwilwa," kutanthauza odyera akazi amasiye.

Ndinamusesera fumbi. Ndinathira madzi otsukira mbale pafupi ndi mapazi ake. Iye ankangosuntha kampando pang'ono n'kukhalanso. Zimenezi sindikuzinena mopepesa ayi. Ndinali ndisanabe kanthu ka munthu, ndipo kapuloti kanga kanali katapita.

Tinabwerera ku Chaisa kukafuna mbuya uja. Anthu omwe aja amene ankaseka nthabwala zake anatiyang'ana ngati sanationepo. Mwini galaji anati munthuyo ankangolipira malo oimikapo lole, kwawo sakudziwa. Ndinawatukwana onse, kuyambira mwini galaji mpaka galu wawo, koma chimene ndinapeza ndi mutu wopweteka basi. Pobwerera ndinakhala pambali pa amuna anga m'minibasi. Ndinawakumbutsa za kunditsina kuja, ndipo ndinawakumbutsa mokweza, kondakitala mpaka anatembenuka.

Kenako mayi uja anaphunzira kutsata lole. Ankamva kwa aneba kumene tikukagwira ntchito, n'kukwera minibasi kukakhala pageti la kasitomala. Anthu a kumayadi amaopa phokoso kuposa njoka. Madamu ankatuluka, kuona munthu wa zakuda ali pansi, kufunsa, n'kumva kuti lole imene ili m'yadi mwake ndi ya malemu. Ena ankatilipira theka n'kutiuza kuti tizipita. Ena ankatiimbira kuti tisabwere n'komwe. Nkhani inayenda m'mafoni mwawo mofulumira kuposa mmene mbiri yathu yabwino inayendera.

Amayi a kutchalitchi anabwera kunyumba atavala yunifomu. Anayamba ndi pemphero lalitali, kenako mtsogoleri wawo anati Mulungu ndi mwamuna wa akazi amasiye, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndinawafunsa ngati pakati pawo pali amene anabwera kudzandithandiza kutembenuza amuna anga pabedi nthawi imene chiuno chinali chothyoka. Panalibe. Ndinawafunsa ngati abweretsa puloti m'zikwama zawozo. Anaimirira osatseka ndi pemphero, ndipo ine sindinawaperekeze.

Chimene chinandiwawa koposa chinali m'nyumba mwanga momwe. Amuna anga anayamba kufewa. Potuluka m'mawa ankavula kapusi n'kunena, "Mwauka bwanji, mayo?" kwa munthu amene ankatiphera ntchito. Tsiku lina ndinawapeza akumufunsa za ana ake.

"Mumufunse na size ya nsapato," ndinawauza atalowa. "Olo mufuna kumulowa chokolo?"

"Bamake bana, nikangena mu baketi muja nimamvela monga naima pa munthu. Uja anali munzanga wa nchito, olo sininamuzibe."

"Munzanu anafa. Imwe muli moyo, na ine nifuna mukhale moyo."

Anangotenga kapusi yawo n'kutuluka. Anthu ofatsa ndi ovuta kuposa aukali, chifukwa sudziwa pamene wawagonjetsa.

Mayiyo anakadandaula kupolisi, ndipo apolisi anati lole ikhale kwa iwo kufikira khoti litagamula mwini wake. Amuna anga anaiyendetsa okha kukaisiya. Ndinkaiona ndikamadutsa popita kumsika, ili kuseri kwa waya pakati pa mamotoka ophwanyika pangozi. Matayala anayamba kuphwa, mbalame zinayamba kugona m'baketi. Mayi wa zakuda anasiya kubwera pakhomo, ndipo neba anabweza kampando kake m'nyumba ngati palibe chimene chinachitika.

Mvula inayamba. Kwa odula mitengo imeneyo ndiyo nyengo ya ntchito, chifukwa mphepo ikawomba aliyense amakumbukira mtengo umene uli pamwamba pa denga lake. Foni ya amuna anga inayambanso kulira. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba atayala zingwe zawo zakale, akuziyang'ana pamene zadyeka. Ndinakuwa mpaka ana anathawira kwa aneba. Ndinawauza kuti tidzadya salaula yomweyo, tidzadya kamodzi patsiku, koma mumtengo sakwera. Anapinda zingwezo n'kunena kuti amangoziyanika kuti zisachite nkhungu.

Tsiku la mlandu ndinapita ndekha, popeza wosaina ndinali ine, ndipo iwo anati mwendo wawavuta ndi kuzizira. Tinadikira m'mawa wonse. Atatiitana, nkhani inali yaifupi: wogulitsa sanapezeke, mlandu wasunthidwa, lole ikhale pomwe ili. Potuluka ndinapeza mayi uja pabenchi ya pakhonde akudikira kuti mvula ikate. Benchi inali imodzi. Ndinaima patsogolo pake.

"Mwakondwela manje? Motoka iola, imwe mulibe, ine nilibe. Bamuna banga bali na nsimbi mu chiuno. Bakakwela futi mu mutengo bakagwa, magazi yao yazankala pali imwe."

Anandiyang'ana. Maso ake anali ouma.

"Muganiza banga banafa bwanji?"

Kunena zoona, funso limenelo linali lisanandifikepo m'mutu.

"Banagula ija motoka kuti baleke kukwela. Siku ija ba mulamu banabwela kuseni, ati nibwelekeniko nikamangile ma banner mu town, nizabweza manje manje. Kasitoma anali alindila, mvula inali yaloka usiku. Bamuna banga banatenga ntambo, banakwela. Ba mulamu banabweza motoka mazulo, ise tili kudala ku mochale."

Mvula inkagunda malata a khondelo. Mkwiyo sunandichoke, unangosowa kolowera.

"So mufuna na ine nivale black?" ndinatero.

"Sinifuna kanthu kali konse kuli imwe. Nifuna motoka ya bana banga."

Sindinamukhululukire pamenepo, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndimamukonda. Ndinachoka mvula isanakate n'kuimbira amuna anga. Foni inalira osayankhidwa. Ndinaimbira mwana wathu wamkazi wamkulu, amene anazengereza kaye kenako n'kuulula kuti atate ake anatuluka ine nditangochoka, chikwama cha zingwe chili kumsana. Anati apita kuyadi ina kupitirira Kalingalinga, ndipo anandilongosolera njira.

M'minibasi ziwiri zimene ndinakwera ndinkakonza mawu. Ndinali nawo ambiri, okhudza bodza lawo la mwendo, okhudza mbuya wawo, okhudza kapuloti kanga, okhudza kuvulira kapusi adani. Ndinkati ndikafika ndiwatsitsa ndi pakamwa pokha, madamu wa yadiyo amve, mlonda amve, msewu wonse umve. Nditatsika sindinavutike kufuna nyumba, kulira kwa makina odulira kunanditsogolera.

Geti linali lotsegula. M'mbali mwa mpanda munali mzere wa mabulugamu ataliatali, makungwa ake akunyezimira ndi madzi. Amuna anga anali pamwamba pa wakumapeto, pamene thunthu limayamba kuwonda, atatsamira chingwe. Makina anali atazima, akulendewera pambali. Mwendo wamanja unali utaponda pamphanda, wamanzere unkafunafuna popondera, ndipo ngakhale ndinali pansi ndinkauona ukunjenjemera. Unaponda, unaterereka. Unapondanso.

Ndinatsegula pakamwa, n'kukumbukira kuti munthu ameneyu akamva mawu anga amatembenuka nthawi yomweyo, wakhala akutero kuyambira tili achinyamata. Akanayang'ana pansi. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja langa lomwe. Mlonda anabwera kudzafunsa kuti ndikufuna ndani, ine ndinangomugwira mkono mwamphamvu mpaka anakhala chete nayenso.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Mwendo unagwira, makina analiranso, nsonga inatsika pachingwe. Anadula chidutswa china, kenako china, akupuma pakati. Atafika pansi mwendo uja unakana kuwanyamula, ndipo anakhala m'matope atatsamira chitsa, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa. M'pamene anandiona. Sanadabwe, anangopukuta nkhope ndi kapusi.

"Ku khoti bakamba chani?"

"Basuntha."

Anagwedeza mutu n'kuyamba kukulunga chingwe pachigongono. Mawu onse aja anali akadali m'kamwa mwanga, koma maso anga anali pampanda. Umenewo unali mtengo woyamba kudulidwa. Madamu anali atawapatsa mzere wonse, ndipo anagwirizana kuti ayambirenso m'mawa mwake.